Ana a Fomu 4 andifunsa za Bandera: anali womenyera ufulu kapena mnzake wa Hitler?

Mphunzitsi wa ku Chulu:

Moni kwa nonse a pa bwalo lino. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Kasungu, ndipo teremu ino ndili ndi ana a Fomu 4 pa mutu wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Lachiwiri lapitali, nditangomaliza kufotokoza mmene asilikali a Hitler analowera mu Soviet Union pa 22 Juni 1941, mnyamata wina yemwe nthawi zambiri amangokhala duu kumbuyo anakweza dzanja. Iye anati malume ake anamuonetsa kanema wa pa WhatsApp wa anthu akuguba usiku ndi miyuni mumzinda wa Kyiv, atanyamula chithunzi cha munthu wotchedwa Stepan Bandera, ndipo wolankhula mu kanemayo ankanena kuti anthu a ku Ukraine anali mbali ya Hitler kalelo, ndiye chifukwa chake Russia ikumenyana nawo lero. Mwanayo anafuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona.

Ndinamuuza kuti ndiyambe ndafufuza, pakuti buku limene timagwiritsa ntchito silitchula dzina limeneli ngakhale pamzere umodzi. Kwa masiku atatu ndakhala ndikuwerenga pa foni mpaka bandulo kutha, koma mmalo mounikiridwa ndasokonezeka. Tsamba lina likunena kuti Bandera anali womenyera ufulu yemwe Ajeremani anamutsekera m'ndende pafupifupi nkhondo yonse ndipo abale ake anafera m'manja mwawo, pamene tsamba lina likunena kuti gulu lake linathandiza kupha Ayuda ndi kupulula midzi yathunthu. Chondivutitsa n'chakuti onsewa akutchula masiku ndi malo, moti sizikuoneka ngati pali amene akungopeka.

Ndikupempha amene munaiwerenga bwino nkhaniyi kuti mundithandize pa zinthu ziwiri. Kodi gulu la Bandera linagwiradi ntchito ndi a Nazi mwa kufuna kwake, kapena linakakamizidwa? Nanga mwana wa zaka 17, amene kwawo amva kale mbali imodzi kuchokera kwa malume amene amawalemekeza, ndingamuyankhe bwanji popanda kumunamiza komanso popanda kuwanyoza malumewo?

Wopuma ntchito wa ku Mtunthama:

A mphunzitsi, munachita bwino kusamuyankha mwanayo mothamanga. Masamba awiri amene mwawerengawo sakutsutsana kwenikweni, koma lililonse likudula nkhani pamalo pomwe likufuna. Ndiyesa kuiyala motsatira zaka, chifukwa pa nkhani imeneyi chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira ndicho chimagamula mlandu.

Nkhondo yoyamba itatha, anthu a ku Ukraine anayesa kukhazikitsa dziko lawo koma analephera, ndipo dera lawo linagawidwa. Gawo lalikulu la kummawa linalowa mu Soviet Union, pamene zigawo za kumadzulo, Galicia ndi Volhynia, zinakhala pansi pa Poland. Gulu la Bandera, lotchedwa OUN, lomwe linkafuna dziko loima palokha la mtundu wa Ukraine, linakhazikitsidwa ku Vienna mu 1929, ndipo mphamvu zake zinali kumadzuloko. Silinali chipani chopikisana pa chisankho ayi. Linkaphunzitsa kuti ufulu udzabwera ndi mfuti, kuti dziko likadzapezeka lidzakhale ndi chipani chimodzi ndi mtsogoleri mmodzi, ndiponso kuti nthaka ya Ukraine ndi ya mtundu umodzi wokha. Bandera, mwana wa wansembe yemwe anabadwa mu 1909, anatchuka pamene gululo linapha nduna ya za m'dziko ya Poland, Bronisław Pieracki, mu 1934. Khoti linagamula kuti aphedwe, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo anatuluka mu 1939 Poland itagwa. Mu 1940 gululo linang'ambika pawiri: akuluakulu anatsata Andriy Melnyk, achinyamata anatsata Bandera.

Pa funso lanu loyamba, yankho ndi lakuti sanakakamizidwe. Nkhondo ndi Soviet Union isanayambe, gulu la Bandera linagwirizana ndi Abwehr, nthambi ya ukazitape ya asilikali a Germany, kuti anyamata ake aphunzitsidwe usilikali, ndipo munatuluka magulu awiri otchedwa Nachtigall ndi Roland. Gulu la Nachtigall, lomwe mkulu wake kumbali ya Ukraine anali Roman Shukhevych, linalowa mumzinda wa Lviv pa 30 Juni 1941 litavala yunifolomu ya Germany. Madzulo a tsiku lomwelo, wachiwiri kwa Bandera, Yaroslav Stetsko, analengeza kuti dziko la Ukraine lakhazikitsidwanso, ndipo m'chikalatacho munalembedwa poyera kuti dzikolo lidzagwira ntchito limodzi ndi Germany ya Hitler pomanga dongosolo latsopano ku Ulaya. Chikalatacho chilipo, ndipo palibe katswiri wa mbiri yakale amene amakana kuti mawuwo ali mmenemo, ngakhale kuti nkhondo itatha ena a gululo ankachisindikiza atachotsamo ndime imeneyo.

Tsiku lotsatira, pa 1 Julaye, Ayuda a mu Lviv anayamba kukokedwa m'nyumba zawo, kumenyedwa m'misewu, akazi kuvulidwa, ndi kukakamizidwa kunyamula mitembo m'ndende za mumzindamo. Mitemboyo inali ya akaidi masauzande amene apolisi achinsinsi a Stalin, a NKVD, anawapha asanathawe, ndipo Ajeremani pamodzi ndi OUN anafalitsa kuti Ayuda ndiwo anali kumbuyo kwa chikomyunizimu, ngakhale kuti ena mwa akaidi ophedwawo anali Ayuda. Zithunzi za tsikulo ndi maumboni a opulumuka zimasonyeza anyamata a gulu lachitetezo limene OUN inakhazikitsa akutsogolera ntchito yosonkhanitsa anthuwo. Pofika kumapeto kwa mweziwo Ayuda masauzande anali ataphedwa mumzindamo, ena ndi chigulu cha anthu, ambiri powomberedwa ndi Ajeremani, ndipo zofanana ndi zimenezi zinachitika m'matauni ang'onoang'ono ambiri a ku Galicia ndi Volhynia.

Tsopano tifike pa ndende. N'zoona kuti Bandera anamangidwa kumayambiriro kwa Julaye 1941, anasungidwa ku Berlin, kenako ku Sachsenhausen m'chigawo chapadera cha akaidi otchuka, mpaka Seputembala 1944. N'zoonanso kuti abale ake awiri, Oleksandr ndi Vasyl, anafera ku Auschwitz mu 1942, ndipo mamembala ambiri a gululo anaphedwa ndi Ajeremani. Koma mufunse kuti anamangidwa chifukwa chiyani. Sanamangidwe chifukwa chokana kuphedwa kwa Ayuda, kapena chifukwa chodana ndi mfundo za Hitler. Anamangidwa chifukwa anakana kubweza chilengezo cha dziko, pamene Hitler ankafuna Ukraine ikhale munda wa tirigu ndi kokatengako antchito, osati dziko lokhala ndi mbendera yake. Kunena mwa kwathu, ukwati unathadi, koma wosudzula anali Mjeremani, ndipo wosudzulidwayo anakhalabe pakhomo miyezi ingapo akudandaulira ankhoswe kuti amubwezere. Ine sindiona kuti kusudzulidwa kumachotsa zimene munthu anachita ali m'banjamo.

Komanso ubalewo sunadukiretu. Shukhevych ndi anyamata a Nachtigall anakatumikira chaka cha 1942 ku Belarus, m'gulu la apolisi la nambala 201 lolamulidwa ndi Ajeremani, lomwe linkasaka zigawenga za Soviet. Mamembala ena ambiri analowa upolisi wothandizira Ajeremani kwawo komweko, ndipo apolisi amenewa ndiwo ankazinga malo otsekeramo Ayuda ndi kuwaperekeza ku maenje mu 1942. Kumayambiriro kwa 1943 apolisi pafupifupi 5,000 a ku Volhynia anathawira m'nkhalango ndi mfuti zawo, ndipo anakhala msana wa UPA, gulu lankhondo la OUN ya Bandera. Zimene anakachita kumeneko ndi nkhani ina yaitali, ndipo maso anga atopa ndi kafoni aka.

Mlimi wa ku Kamwendo:

Bambo a ku Mtunthama, sinditsutsa tsiku kapena dzina lililonse limene mwatchula, koma ndikuopa kuti a mphunzitsi akatenga zimenezi zokha, mwana uja akatuluka m'kalasi akunena kuti malume ake ananena zoona, pamene kanemayo ananama pa mfundo yaikulu. Kanemayo sananene kuti gulu lina la kumadzulo linagwirizana ndi Hitler. Ananena kuti anthu a ku Ukraine anali mbali ya Hitler, ndipo apa m'pamene pali chinyengo.

Nkhondo isanayambe, OUN inali ndi mamembala pafupifupi 20,000, m'dziko la anthu mamiliyoni makumi angapo, ndipo kummawa, kumene kunali anthu ambiri, gululo silinkadziwika n'komwe. Anthu a ku Ukraine amene anamenya nkhondo m'gulu la asilikali a Soviet polimbana ndi Hitler anali mamiliyoni angapo. Oposa 2 miliyoni anatengedwa ukapolo kukagwira ntchito ku Germany. Ayuda pafupifupi 1.5 miliyoni amene anaphedwa m'dera la Ukraine, kuphatikizapo 33,771 amene anawomberedwa pa chigwa cha Babi Yar ku Kyiv m'masiku awiri okha mu Seputembala 1941, nawonso anali eni dera limenelo, ndipo amene analamula ndi kukonza kuphako anali makamaka Ajeremani. Tikayamba kuwerenga ogwirizana ndi Hitler, tisaiwale kuti Stalin mwiniwake anasainira naye pangano mu Ogasiti 1939 logawana Poland, ndiponso kuti panali gulu lankhondo la anthu a ku Russia lotsogoleredwa ndi Andrei Vlasov lomwe linamenya mbali ya Germany. Palibe amene amanena kuti chifukwa cha Vlasov, mtundu wonse wa Russia unali wa Nazi.

Za lero nazo n'zosavuta kuziona. Pa chisankho cha aphungu cha 2019, zipani zotsatira maganizo a mtundu wa OUN zinaphatikizana n'kupeza mavoti ongopitirira pang'ono 2 pa 100 alionse, osafika pa 5 yofunika kuti chipani chilowe m'Nyumba ya Malamulo kudzera pa mndandanda. Chaka chomwecho anthu anasankha Volodymyr Zelensky, Myuda wolankhula Chirasha, kukhala pulezidenti ndi mavoti 73 pa 100, munthu yemwe agogo ake anamenya nkhondo yolimbana ndi Hitler ndipo abale a agogowo anaphedwa ndi a Nazi. Pamene Putin ananena pa 24 Febuluwale 2022 kuti akulowa m'dzikomo kukachotsa Chinazi, ankagwiritsa ntchito mitembo ya 1941 ngati chiphaso chowombera mizinda ya lero. Ife amene tinagula feteleza pa mtengo wolowa m'thumba chaka chimenecho tili ndi chifukwa chofunira kuti zifukwa za nkhondoyo zinenedwe moona.

Ndikufunanso kuti tiganizire munthu wopanda dziko amene wapanikizika pakati pa njovu ziwiri. Njala imene Stalin anadzetsa mu 1932 ndi 1933 inapha anthu oposa 3.5 miliyoni ku Ukraine, ndipo pamene asilikali ake analowa kumadzulo mu 1939 anayamba kumanga ndi kusamutsa anthu. Munthu woteroyo akaona mdani wa mdani wake akubwera, kodi n'zodabwitsa kuti amamulandira? Inu a ku Kasungu mukudziwa kuti Kamuzu anatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, analandira nduna yaikulu ya dzikolo, John Vorster, kuno mu 1970, iye anapita komweko mu 1971, ndipo ngongole ya kumeneko inathandiza kumanga likulu ku Lilongwe, pamene maiko ena a mu Africa ankatinena kuti ndife ogulitsa. Komatu pa 14 Meyi timapuma ntchito pomukumbukira. Sindikunena kuti zinthuzi n'zofanana, koma ndikunena kuti dziko laling'ono nthawi zina limadya ndi amene silikanafuna kudya naye.

NaPhiri wa ku Santhe:

Achimwene a ku Kamwendo, pa za kanema mwanena zoona, ndipo a mphunzitsi ayambire pomwepo. Koma fanizo la Kamuzu ndi Vorster ndalikana, chifukwa likutembenuza funso. Mlandu wa OUN si wakuti inadya ndi ndani, koma wakuti inakhetsa mwazi wa ndani ndi manja ake, ndipo gawo lalikulu la mwaziwo linakhetsedwa pa nthawi imene Ajeremani sanali kuilamula.

Ndipitiriza pamene bambo a ku Mtunthama anasiyira. Mu 1943 gulu la UPA ku Volhynia, motsogoleredwa ndi Dmytro Klyachkivsky, linayamba kuchotsa m'deralo anthu olankhula Chipolishi, omwe makolo awo anakhala kumeneko zaka mazana ambiri. Cholinga chinali chakuti nkhondo ikadzatha pasadzakhale woti n'kunena kuti derali ndi la Poland. Pa 11 Julaye 1943, lomwe linali Lamulungu, midzi pafupifupi 100 inaukiridwa tsiku limodzi, ndipo m'malo ngati Poryck ndi Kisielin anthu anawapeza ali m'tchalitchi pa Misa. Ambiri anaphedwa ndi nkhwangwa, zikwakwa ndi mafoloko a kumunda, nyumba zawo n'kutenthedwa, ndipo nthawi zina anthu wamba a midzi yoyandikana anatengedwa kuti akathandize kuphako. Ku Volhynia kokha kunafa anthu pakati pa 50,000 ndi 60,000, ndipo kuphatikiza ndi Galicia mu 1944 akatswiri ambiri amafika pafupi ndi 100,000. A ku Poland nawo anabwezera, anapha anthu wamba a mtundu wa Ukraine oposa 10,000 m'midzi ngati Sahryń ndi Pawłokoma, ndipo izi nazo ziyenera kunenedwa. Ndivomereza kuti Bandera anali ku Sachsenhausen pamene izi zinkachitika, moti sitinganene kuti iye ndiye analamula. Koma amene anachita ankatchedwa ndi dzina lake, anakulira m'chiphunzitso chake, ndipo iye atatuluka sanadzudzule zimenezo mpaka imfa yake.

Za njala ya 1932 ndi 1933, tizisamale pozigwiritsa ntchito. Njalayo inakantha kummawa, m'dera la Soviet, pamene Galicia ndi Volhynia ya kumadzulo zinali pansi pa Poland. Anthu a kumadzulo anaimva ndipo inawakwiyitsa, koma mwana wa m'mudzi wa Volhynia amene anaphedwa ndi nkhwangwa mu 1943 sanalande tirigu wa munthu.

Ngati tikufuna fanizo la kwathu, lilipo koma ndi lowawa. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 masauzande anathawa kumenyedwa ndi kutenthedwa nyumba, n'kukakhala pa msasa wa Sinda Misale ku Zambia, kungodutsa malire a kwanu ku Mchinji. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, ndipo kwa zaka khumi tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Funso limene limatigawa ife pa Kamuzu si la Vorster, koma lakuti kodi munthu angalemekeze womenyera ufulu n'kutchulanso maina a amene anafa mu ulamuliro wake pa mwambo womwewo. Ndilo funso limene anthu a ku Ukraine akulimbana nalo.

Ndipo boma lawo silinaliyankhe bwino nthawi zonse. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotcha OUN ndi UPA omenyera ufulu, ndi kunena kuti kukana poyera kuti nkhondo yawo inali yolungama n'kulakwira lamulo, ndipo akatswiri pafupifupi 70 a m'maiko osiyanasiyana analembera Pulezidenti Poroshenko kumupempha kuti asasaine, koma anasaina. Mu 2016 msewu waukulu wa mu Kyiv womwe unkatchedwa Moscow unasinthidwa kukhala wa Bandera, ndipo msewu umenewu ndi umodzi mwa yolowera cha ku Babi Yar. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo ya Poland inagamula kuti za ku Volhynia zinali kupulula mtundu. Kuyambira 2017 Ukraine inaimitsa ntchito yofukula mafupa a ophedwawo, pokwiya ndi kugwetsedwa kwa chipilala cha UPA ku Poland, ndipo ntchitoyo inayambiranso mu Epulo 2025 pamudzi wa Puzhnyky, pomwe anapeza mafupa a anthu oposa 40. Ife amene sitigona mpaka m'bale wathu ataikidwa pa manda a kwawo tingamvetse chimene chimatanthauza kudikira zaka 80. Mlandu suola.

Wopuma ntchito wa ku Mtunthama:

Mayi NaPhiri andipepuza katundu. Ndiwonjezere za mawu akuti chifasisti, kutanthauza ndale za mtundu wa Mussolini ndi Hitler, chifukwa mwana wanzeru adzafunsa, ndipo apa ndipo akatswiri amakanganadi. Anthu ngati John-Paul Himka, yemwe kumbali ya bambo ake ndi wa mtundu wa Ukraine womwewo, Per Anders Rudling ndi Grzegorz Rossoliński-Liebe amati gululo linali lachifasisti, ndipo amaloza msonkhano wa ku Kraków wa Epulo 1941, pomwe gulu la Bandera linavomereza moni wokweza dzanja lamanja, mfundo ya mtsogoleri mmodzi, ndi mawu otcha Ayuda mzati wa boma la Moscow. Ena, monga Oleksandr Zaitsev wa ku Lviv, amati chifasisti chenicheni chimabadwa mu mtundu womwe uli kale ndi dziko, monga Italy, pamene OUN inali ya mtundu wopanda dziko, ndipo amaiyerekeza ndi gulu la Ustaša la ku Croatia. Onani kuti kuyerekeza kumeneku si kuiyeretsa, pakuti a Ustaša atapatsidwa dziko ndi Hitler anapha anthu mazanamazana a masauzande. Mkangano wawo ndi wa dzina, osati wa mitembo. Amene amakana kapena kuchepetsa mitemboyo ndi gulu lina, ndipo wodziwika pakati pawo ndi Volodymyr Viatrovych, yemwe anatsogolera bungwe la boma loona za chikumbutso cha dziko kuyambira 2014 mpaka 2019 ndipo amati za ku Volhynia inali nkhondo ya mbali ziwiri.

N'zoona kuti mu Ogasiti 1943 gululo linasintha mfundo zake n'kuyamba kulankhula za ufulu wa mitundu yonse. Koma Germany inali itagonja kale ku Stalingrad, atsogoleriwo ankayang'ana kwa Britain ndi America, ndipo mwezi womwewo midzi ya Volhynia inali kuyakabe. Bandera mwiniwake sanakondwe ndi kusinthaku, ndipo nkhaniyi inagawanso gulu lake ali kunja.

Achimwene a ku Kamwendo ndiwapatse mfundo imodzi imene sanaitchule, yomwe ikufotokoza chifukwa chake agogo a ku Galicia amalira akamva dzina la UPA. Ajeremani atachoka, gululo linalimbana ndi Soviet Union mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo boma la Stalin linasamutsira ku Siberia ndi madera ena anthu oposa 200,000 a kumadzulo, mabanja athunthu. Shukhevych anafa pa 5 Malichi 1950 atazingidwa pafupi ndi Lviv, ndipo Bandera anaphedwa ku Munich pa 15 Okutobala 1959 ndi kazitape wa bungwe la Soviet Union la KGB, Bohdan Stashynsky, yemwe anamupopera poizoni kumaso. Banja limene linataya anthu ku Siberia limakumbukira zimenezi, osati Julaye 1941. Komabe dzikolo silinagwirizanepo pa iye. Pamene Pulezidenti Yushchenko anamupatsa ulemu wa Ngwazi ya Ukraine mu Januwale 2010, mawu amene ife a kuno timawadziwa kulemera kwake, khoti la ku Donetsk linauthetsa m'chaka chomwecho, ndipo madera a kummawa ndi kummwera ankamuda kwambiri. Kutchuka kwake kunakwera makamaka pambuyo pa 2014 ndi 2022, pamene dzina limene Moscow inkatukwanira nalo aliyense wolankhula chinenero cha Ukraine linasanduka chodzitamandira nacho, ndipo ambiri mwa achinyamata olitchulawo sadziwa za Poryck.

Chinanso, mwana angasokoneze UPA ndi gulu la Galicia la Waffen-SS, lomwe Ajeremani anakhazikitsa mu 1943 ndipo anthu pafupifupi 80,000 analembetsa, ngakhale anatengedwa ochepa. Gulu la Bandera silinavomereze kukhazikitsidwa kwake, pamene ena a mbali ya Melnyk anathandiza. Msilikali wakale wa gulu limeneli, Yaroslav Hunka, ndiye anaomberedwa m'manja m'Nyumba ya Malamulo ya Canada mu Seputembala 2023 pamaso pa Zelensky, ndipo Sipikala Anthony Rota anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa.

Mphunzitsi wa ku Chulu:

Zikomo kwambiri bambo, achimwene ndi mayi. Dzulo ndinajambula mapu pa bolodi, ndinadula mzere pakati pa dera limene linali la Poland ndi limene linali la Soviet Union, ndipo ndinalemba zaka zitatu, 1941, 1943 ndi 1959, n'kufotokoza chimene chinachitika pa chilichonse. Ndinayamba ndi chiwerengero cha amene anamenya nkhondo yolimbana ndi Hitler, monga achimwene a ku Kamwendo anafotokozera, ndipo za Kamuzu sindinazitchule, pakuti theka la kalasi yanga ndi adzukulu a anthu amene anamuvinira, ndipo phunzirolo likanathera pomwepo. Mnyamata uja anakopera zonse mwakachetechete, ndipo pomaliza anati akawafunse malume ake ngati akudziwa kumene kuli Volhynia.

Amene anandiimitsa ndi mtsikana wina wa kutsogolo. Iye anafunsa ngati panali anthu a m'midzi yomweyo amene anakana kutenga nkhwangwa, kapena amene anabisa anansi awo. Ndinamuuza za Andrey Sheptytsky, mkulu wa mpingo wa Greek Catholic ku Lviv, yemwe analandira asilikali a Germany ndi manja awiri mu 1941, koma mu 1942 analemba kalata ya kwa akhristu yoletsa kupha ndipo anabisa Ayuda oposa 100 m'nyumba za mpingo, ndiponso kuti bungwe la Yad Vashem ku Jerusalem lalemekeza anthu a ku Ukraine oposa 2,600 chifukwa chopulumutsa Ayuda, kuphatikizapo mng'ono wake Klymentiy, koma iye mwini silinamulemekeze. Mtsikanayo anati zimenezo ndi za akuluakulu a mumzinda, iye akufunsa za alimi a m'mudzi ngati makolo ake. Mayi NaPhiri, ngati munawerengapo za anthu a ku Volhynia amene anachenjeza kapena kubisa anansi awo olankhula Chipolishi, ndi chimene UPA inkawachita ikawagwira, chonde mundilembere Lachisanu lisanafike, chifukwa ndi tsiku limene ndikumananso ndi kalasi imeneyi.